Minibasi iipeza liti lole ya fodya?

Tadala: Madzulo abwino nonse. Pepani ndakusokonezani usiku uno, funso la Physics landikanika ndipo tikapereka mawa. Likuti: lole yanyamuka pa Kasungu kulowera ku Lilongwe pa liwiro la 60 km/h. Patapita mphindi 30, minibasi yanyamuka pamalo omwewo, msewu womwewo, pa 80 km/h. Kodi minibasi iipeza loleyo patatha nthawi yaitali bwanji? Ine ndapeza kaye kuti lole inali itayenda kale makilomita 30. Kenako ndaphatikiza 80 ndi 60, yakwana 140, ndagawa 30 ndi 140. Zikundipatsa mphindi pafupifupi 13. Koma mtima ukukana.

Kondwani: Nanenso ndapeza 13 yomweyo. Sabata yatha pa funso la basi lija tinaphatikiza ndithu, ndipo anatichonga.

Aphunzitsi a Mwale: Tadala, mtima wako wakuuza zoona, uziumvera. Ndisanakuuze chilichonse, tandiyankha ichi: pa mphindi 13, minibasi yothamanga 80 km/h imayenda makilomita angati?

Tadala: 80 kuchulukitsa ndi 13, kugawa ndi 60. Pafupifupi makilomita 17, aphunzitsi.

Aphunzitsi a Mwale: Nanga lole inali patali bwanji pamene minibasi imanyamuka?

Tadala: Makilomita 30. Aa, ndaona. Singaipeze itangoyenda 17, sinafike ndi pomwe pamene lole inali poyamba paja.

Aphunzitsi a Mwale: Basi. Chizolowezi chimenechi usachitaye: ukapeza yankho, libwezere pamsewu uone ngati lingachitikedi. Tsopano tiiwale kaye zilembo za m'buku. Khala pampando wakutsogolo mu minibasi muja, pafupi ndi dalaivala, uziyang'ana kumbuyo kwa lole. Ola lililonse inu mukuyenda 80, iyo ikuthawa 60. Mpata wa pakati panu ukuchepa ndi makilomita angati pa ola?

Kondwani: 20

Aphunzitsi a Mwale: 20 imeneyo ndiye relative velocity ya minibasi poyerekeza ndi lole. Kwa munthu amene wakhala pamwamba pa mabelo a fodya mu lolemo, minibasi ikubwera kwa iye pa 20 km/h basi, ngati munthu wopalasa njinga mwamphamvu. Mpata ndi makilomita 30. Malizitsani.

Tadala: 30 kugawa ndi 20 ndi 1.5. Ola limodzi ndi theka. Ndiyesenso kubwezera pamsewu: minibasi pa ola ndi theka yayenda 120. Lole yayenda maola awiri onse pamodzi, 60 kuchulukitsa ndi 2, 120. Zagwirizana!

Kondwani: Koma aphunzitsi, nanga sabata yatha tinaphatikiziranji? Ndiye tidziwa bwanji pa mayeso poti apa tiphatikize, apa tichotsere?

Yamikani: Kondwani, funso lako ndi limene linandivutitsa ine mpaka ndili Fomu 4. Chimene chinandimasula ndi ichi: sitiphatikiza n'komwe. Nthawi zonse timachotsera. Chimene umachita poyamba ndi kusankha mbali imodzi ya msewu kukhala +. Tinene kuti kulowera ku Lilongwe ndi +, kulowera ku Mzuzu ndi −. Velocity ya A poyerekeza ndi B ndi velocity ya A kuchotsa velocity ya B. Onse akulowera ku Lilongwe: 80 − 60 = 20. Koma basi ikachoka ku Kasungu pa 80, galimoto ina n'kuchoka ku Lilongwe kubwera kuno pa 50, ndiye kuti galimoto inayo ili ndi −50. Tsono 80 − (−50) = 130. Ukuona ngati waphatikiza, koma lamulo ndi lomwe lija, kungoti ma minus awiri akumana.

Yamikani: Ndipo popeza kuchoka kuno kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, magalimoto awiriwo akanyamuka nthawi imodzi akumana patatha ola limodzi, makilomita 80 kuchokera ku Kasungu, chakufupi ndi Mponela uko.

Aphunzitsi a Mwale: Yamikani wanena bwino. Ndingowonjezera kuti m'chifukwa chake timati velocity osati speed chabe. Speed imangonena kuti ukuthamanga bwanji, velocity imanenanso kumene ukulowera. Pamsewu wowongoka, kumene ukulowera kumaoneka ndi + kapena − basi. Ana ambiri amataya malikisi chifukwa sanalembe pamwamba pa yankho lawo kuti mbali ya + ndi iti. Jambulani mzere, ikani kamuvi, kenako muyambe masamu.

Tadala: Nanga ndikasintha, ndipeze velocity ya lole poyerekeza ndi minibasi? 60 − 80 = −20. Minus ameneyo akutanthauza chiyani, poti lole sikubwerera m'mbuyo?

Yamikani: Kwa munthu woima m'mbali mwa msewu sikubwerera. Koma kwa iwe amene uli mu minibasi, ukamaipitirira, suona mmene imachitira? Imayamba ili kutsogolo, kenako ili pa windo lako, kenako ili kumbuyo. Kwa iwe ikubwereradi m'mbuyo pa 20 km/h.

Mai Nkhoma: Ine ndili pagulu pano chifukwa cha mwana wanga wa Fomu 3, foni ndi yanga, iye amangobwereka. Koma zimenezi zandikumbutsa za pa depoti. Ndinakwera basi tsiku lina tikudikira kuti idzaze, ndiye basi ya pambali pathu inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Ine ndinagwira mpando mwamphamvu, ndimaona ngati yathu yanyamuka chitseko chili chotsegula. Nditayang'ana mbali inayo ndinaona amayi ogulitsa nthochi ali pompo, sitinasunthe ngakhale pang'ono. Kodi n'zomwezi?

Aphunzitsi a Mwale: N'zomwezo ndendende, mayi. Maso anu sananame. Poyerekeza ndi basi inayo, munkapitadi kutsogolo. Poyerekeza ndi nthaka, munali chiimire. Zonse ziwiri n'zoona. Liwiro lopanda "poyerekeza ndi chiyani" kulibe. Kungoti tinazolowera kuyerekeza ndi nthaka mpaka tinaiwala kuti tikuyerekeza. Ngakhale panopa mwakhala pamkeka kwanuko, dziko likuzungulira, ndipo kuno ku Kasungu likutitengera kum'mawa pa liwiro loposa 1,600 km/h. Ulendo wa dziko wozungulira dzuwa ndiye ndi pafupifupi makilomita 30 pa sekondi iliyonse. Koma tiyi m'kapu satayika, chifukwa kapu, tebulo, nyumba ndi inu mukuyendera limodzi.

Galileo wa ku Italy analemba za zimenezi mu 1632. Anati tsekeredwa m'chipinda cha m'kati mwa sitima ya pamadzi, utenge agulugufe, nsomba m'mbale ya madzi, ndi botolo lodontha. Sitima ikamayenda mosagwedera pa liwiro losasintha, madontho agwera pomwe amagwera itaima, agulugufe auluka monga mwa masiku onse. Palibe chokuuza kuti ukuyenda pokhapokha utasuzumira kunja.

A Phiri Dalaivala: Moni aphunzitsi, moni nonse. Ine sukulu ndinalekera Fomu 2, koma ndayendetsa minibasi pa M1 zaka zambiri, Kasungu Lilongwe, nthawi zina mpaka Jenda. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali mawu amodzi amene andigwira, oti minibasi ikubwera kwa lole ngati munthu wa njinga. Zimenezo n'zoona. Ukamapitirira lole yaitali, singano ikuloza 80, koma umaona ngati wamangidwa chingwe. Matayala ake amangodutsa limodzilimodzi, osatha. Pamene galimoto yochokera kutsogolo imaoneka kadontho, ukaphethira yafika. Ndimafuna mundiwerengere masamu ake a zimenezi, chifukwa ife timangoyeza ndi maso.

Aphunzitsi a Mwale: A Phiri, mwafunsa funso limene ndimalakalaka likanakhala m'mabuku athu m'malo mwa masitima a m'mayiko amene ana athu sanafikeko. Tiwerengere limodzi. Mundithandize: lole yokoka ngolo, ya fodya kapena ya feteleza, tiiyese mamita angati kutalika kwake?

A Phiri Dalaivala: Zimasiyana, koma zazitali zija ikani 18. Minibasi yanga ikani 5.

Aphunzitsi a Mwale: Chabwino. Tinene kuti mumatuluka muli mamita 15 kumbuyo kwa lole, ndipo mumabwerera kumanzere mutaisiya mamita 12 kumbuyo kwanu. Mtunda umene muyenera kuidya loleyo ndi 15 + 18 + 12 + 5, womwe ndi mamita 50. Amenewa si mamita a pa tala ayi, ndi mamita poyerekeza ndi lole. Ndipo mukuwadya pa 20 km/h basi. Ana a Fomu 3, sinthani 20 km/h ikhale mamita pa sekondi.

Kondwani: Timagawa ndi 3.6. Ndapeza 5.6 m/s.

Tadala: Ndiye 50 kugawa ndi 5.6 ndi masekondi pafupifupi 9.

Aphunzitsi a Mwale: Masekondi 9 muli mbali ya eni ake. A Phiri, tawerengani pang'onopang'ono kuchoka pa 1 kufika pa 9 mumve kutalika kwake. Tsopano mbali yachiwiri. Kutsogolo kukubwera galimoto yaing'ono pa 100 km/h. Poyerekeza ndi inu ikubwera pa 80 − (−100), yomwe ndi 180 km/h. Kugawa ndi 3.6, mamita 50 pa sekondi iliyonse. Pa masekondi 9 aja, mpata wa pakati pa inu ndi galimotoyo utha ndi mamita 450. Inu mwayenda 200, iyo yayenda 250. Bwalo la mpira ndi mamita pafupifupi 100 m'litali. Ndiye kuti potuluka mukufunika mabwalo anayi ndi theka opanda kanthu, ndipo pamenepo ndiye kuti mwangopulumukira pakamwa pa mkango, simunasiye mpata uliwonse wapadera.

Taonani manambala awiriwa ali pamodzi. Lole mukuidya mamita 5.6 pa sekondi. Msewu wa kutsogolo ukudyedwa mamita 50 pa sekondi. Dalaivala mmodzi, sekondi imodzi yomweyo, ma relative velocity awiri, ina kuposa inzake pafupifupi ka 9.

A Phiri Dalaivala: Mamita 450. Ndakhala chete kaye. Kunena zoona aphunzitsi, ndapitirirapo malole ndikuona msewu wosakwana theka la pamenepo. Chimene chimatipulumutsa nthawi zambiri ndi mnzathu wakutsogoloyo, amaponda buleki kapena kutsikira kudothi. Ndiye timati ndife akatswiri, chonsecho watikhululukira ndi wina.

Lonjezo wa Kabaza: Ndipo kudothi kumene amatsikirako ndi kumene timakhala ife a njinga, madala. Musaiwale zimenezo.

A Phiri Dalaivala: Sindikutsutsa, mphwanga.

Chikondi: Koma ine ndili ndi funso, mwina ndasokoneza. Ngati vuto ndi loti 20 km/h ndi yochepa, bwanji osangoponda kwambiri? Ndayesa ndi 100 km/h. Poyerekeza ndi lole ndi 40 km/h, 11.1 m/s, masekondi 4.5. Poyerekeza ndi yakutsogolo ndi 200 km/h, 55.6 m/s. Kuchulukitsa ndi 4.5 ndapeza mamita 250 okha. Ndiye kuti wothamanga kwambiri ndi amene ali wotetezeka?

Yamikani: Masamu ako ali bwino, palibe cholakwika.

Mai Nkhoma: Ayi chonde, musawauze madalaivala kuti kuthamanga n'kwabwino. Ife okwera timavutika kale.

Aphunzitsi a Mwale: Mayi, ndikumva nkhawa yanu, koma sindingamuuze Chikondi kuti walakwa pamene sanalakwe. Papepala, kusiyana kwa liwiro kukakula, nthawi yokhala mbali ya eni imachepa. Chimene masamu akewo abisa ndi ichi: ayamba ngati minibasi ili kale pa 100. Koma amene wakhala akutsatira lole kumbuyo ali pa 60 ngati lole yomweyo, relative velocity yake ndi 0. Kuti achoke pa 60 kufika pa 100 pafunika masekondi ambiri, ndipo onsewo amawathera mbali ya kumanja. A Phiri anene okha mmene minibasi yodzaza anthu ndi matumba a chimanga imakokera pa mtunda.

A Phiri Dalaivala: Imalira chabe osapita. Ukadzaza, phazi lifike pansi, singano imakwera ngati ikuchita manyazi. Pachitunda ndiye iwalani.

Aphunzitsi a Mwale: Ndiye masekondi 4.5 aja ndi a m'buku. Chachiwiri, pa 100 chikakudzidzimutsa, mbuzi, mwana, dzenje, mtunda woimira umakula kwambiri. Mabuleki amalimbana ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha: ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda wa buleki umawirikiza kanayi. Phunziro limene ine ndimatengapo pa masamu a Chikondi si loti thamangani ayi. Ndi loti ngati simungathe kuiposa lole ndi liwiro looneka popanda kudumpha malire a pa chikwangwani, ndiye kuti loleyo si yopitirira. Khalani kumbuyo kwake.

Ndipo taonaninso funso la Tadala lija. Kusiyana kwa 60 ndi 80 pa ulendo wonse wa makilomita 130: pa 60 ndi maola 2 ndi mphindi 10, pa 80 ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 38. Ndi mphindi 32 ngati mutatsatira loleyo njira yonse osaipitirira. Koma mukaitsatira makilomita 5 okha kudikira malo owongoka, mwataya mphindi imodzi ndi masekondi 15.

A Chirwa: Ndalowa mochedwa, netiweki kuno ku Nkhamenya imavuta madzulo. Mphindi imodzi ndi masekondi 15. Ndawerenga mawu amenewa katatu. Mphwanga anamwalira pa ngozi ya mtundu umenewu zaka zapitazo, akuchokera kokagulitsa fodya ku Chinkhoma. Galimoto imene anakwera inatuluka kuti ipitirire lole pamalo pamene msewu umakhota pang'ono. Amene anapulumuka anatiuza kuti dalaivala atazindikira kuti sakwanitsa, anali pakati pa loleyo, kutsogolo kutali, kumbuyo kutali, kumanzere matayala. Ndakhala ndikudzifunsa kuti munthu wa maso ake awiri angalakwitse bwanji choncho. Lero ndamva kuti diso limaona lole ikuyenda pang'onopang'ono pambali pako n'kukunamiza kuti zinthu zonse zikuchitika pang'onopang'ono. Anasiya ana atatu, wamkulu ndi amene ndikumulipirira sukulu pano, ndipo ndi amene anandilowetsa pagulu lino.

Mai Nkhoma: Pepani kwambiri a Chirwa. Mulungu akulimbitseni pamodzi ndi anawo.

A Phiri Dalaivala: Pepani bambo. Mawu ndilibe.

Aphunzitsi a Mwale: Pepani a Chirwa, ndipo zikomo kuti mwatiuza. Pali chinanso chimene chimanamiza diso. Galimoto yobwera molunjika kwa iwe siisuntha kupita kumanzere kapena kumanja, imangokula. Ikakhala patali imakula pang'ono kwambiri moti sungasiyanitse ya 60 ndi ya 120. Imayamba kukula msanga itafika kale pafupi. Usiku ndiye umangoona nyali ziwiri, mwinanso imodzi, osadziwa ngati ndi njinga yamoto kapena lole yofa diso.

Kondwani: Aphunzitsi, ndifunse ngakhale nkhani yake ndi yachisoni. Magalimoto awiri akawombana maso ndi maso, iliyonse pa 80, relative velocity ndi 160. Ndiye kuti n'chimodzimodzi kuwomba khoma pa 160?

Yamikani: Eya, ndi mmene ndimadziwira ine.

Aphunzitsi a Mwale: Apa ndikutsutsa, Yamikani. Anthu ambiri amatero koma si choncho. Magalimoto awiriwo akakhala ofanana kulemera, iliyonse imachoka pa 80 kufika pa 0. Ndi zofanana ndi kuwomba khoma lolimba losasuntha pa 80, osati pa 160. Chimene chimavulaza thupi ndi kusintha kwa velocity yako iweyo, ndi kufupika kwa nthawi imene kusinthako kwachitikira.

Yamikani: Koma aphunzitsi, ndikakhala m'galimoto A, B ikubwera kwa ine pa 160. Tangonena kumene kuti kuyerekeza kulikonse n'koona. Ndiye 160 yapita kuti?

Aphunzitsi a Mwale: Sinapite kulikonse, yagawidwa pawiri. Zili ngati kuwomba pa 160 galimoto yoima yofanana ndi yako, yopanda buleki. Imeneyo si khoma, imaphwanyika nayonso ndipo imakankhika. Zikagwirana, zonse ziwiri zimapitirira limodzi pa 80. Iwe wachoka pa 160 kufika pa 80, iyo yachoka pa 0 kufika pa 80. Aliyense wasintha ndi 80. Wayang'anira kwina koma yankho ndi lomwelo.

Tsono zimasintha zolemera zikasiyana, ndipo apa m'pamene pali nkhani ya a Chirwa ndi ya Lonjezo. Tiyerekeze galimoto ya tani imodzi pa 80 yawombana ndi lole ya matani 29 pa 60. Relative velocity ndi 140. Kugawana kwake kumatsata kulemera, wopepuka ndiye amasenza gawo lalikulu. Lole isintha ndi gawo limodzi mwa magawo 30, osakwana 5 km/h. Galimoto yaing'ono isintha ndi magawo 29 mwa 30, pafupifupi 135 km/h: iima n'kukankhidwa kubwerera kumene imachokera. Pamenepo ndiye relative velocity pafupifupi yonse yagwera mbali imodzi.

Yamikani: Ndagonja. Ndayesa ndi momentum (kulemera kuchulukitsa ndi velocity) papepala, zikutuluka momwemo. Ndakhala ndikuwauza anzanga zolakwika.

Lonjezo wa Kabaza: Ine funso langa ndi la anthu otsika galimoto isanaime. Pa siteji timaziona tsiku ndi tsiku. Kondakitala amatsika minibasi ikuyenda koma sagwa, pamene agogo ena anatsika pa lole ya matola ikungoyenda pang'ono, anagwa chafufumimba. Ndi mankhwala kapena ndi Physics?

Tadala: Ndiyese ine! Poyerekeza ndi minibasi, munthuyo ali pa 0. Koma poyerekeza ndi nthaka ali ndi liwiro la minibasi. Phazi likangoponda pansi limaima, thupi likupitabe. Kondakitala amatsika atayang'ana kutsogolo n'kuthamanga pang'ono, ndiye miyendo imayendera limodzi ndi thupi.

Aphunzitsi a Mwale: Ndi mwana yemwe uja amaphatikiza 80 ndi 60 maola awiri apitawa. Wakhoza, Tadala. Ndipo galimoto imene timati "ikungoyenda pang'ono" ikhoza kukhala pa 15 km/h, mamita oposa 4 pa sekondi, liwiro loti munthu wachikulire sangalithamange. N'chimodzimodzi ndi chitsononkho kapena botolo loponyedwa pa windo la basi. Woponyayo amaona ngati wangolitaya, ndipo amaliona likutsalira m'mbuyo. Koma kwa mwana woima m'mbali mwa msewu, botololo likubwera pa liwiro la basi.

Lonjezo wa Kabaza: Chimenecho chinandipezapo. Chisonga cha nzimbe chochokera m'basi chinandimenya paphewa ndili ndi pasenjala, ndikulowera kosiyana ndi basiyo. Dzanja linachita dzanzi mpaka madzulo. Ine ndinali mwina pa 40, basi mwina pa 80. Ndiye kuti chinandipeza pa 120?

Yamikani: Pafupifupi pamenepo, mphepo imachichedwetsako pang'ono chisanakufike.

Lonjezo wa Kabaza: Anthu aziganizako asanaponye zinthu.

Chikondi: Funso lomaliza kwa ine. Galimoto ili pa 80, yayatsa nyali. Kuwala kwa nyaliyo kukuthamanga liwiro la kuwala kuphatikiza 80?

Aphunzitsi a Mwale: Wafika pamene lamulo lathu limathera. Ayi, sikuphatikiza. Kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo amene ali m'galimoto ndi amene waima pansi, onse akayeza amapeza nambala imodzimodzi. Albert Einstein anamanga chiphunzitso chake cha 1905 pa mfundo imeneyi, ndipo chinaonetsa kuti kuchotsera kwathu kuja n'kongoyandikira chabe. Koma pa liwiro la minibasi, ngakhale la ndege, kusiyana kwake n'kochepa moti palibe chipangizo cha pamsewu chingakuone. Pa MSCE chotsera mtima uli m'malo. Zinazo ukazipeza ku koleji, ndipo ndikufuna ukafikeko.

Mai Nkhoma: Mwana wanga akuti mum'patse lina loyeserera asanagone.

Aphunzitsi a Mwale: Nali. Bwato lili pa mtsinje wa Bua. Pamadzi odikha wopalasa amayenda 5 km/h, madzi a mtsinje akuyenda 2 km/h. Apita kumunsi makilomita 7, kenako abwerera pomwe anayambira. Ulendo wonse utenga nthawi yaitali bwanji? Musaiwale kamuvi.

Kondwani: Makilomita 14 kugawa ndi 5, maola 2.8. Madzi amuthandiza popita, amubweza pobwera, ndiye zafafanizana.

Tadala: Ine ndapeza zosiyana. Popita 5 + 2 = 7, ola limodzi. Pobwera 5 − 2 = 3, ndiye 7 kugawa ndi 3, maola 2 ndi mphindi 20. Zonse pamodzi maola 3 ndi mphindi 20. Sizifafanizana chifukwa amakhala nthawi yaitali akulimbana ndi madzi kusiyana ndi nthawi imene madzi akumuthandiza.

Kondwani: Eee. Ndalakwitsanso pothamangira.

Aphunzitsi a Mwale: Walakwitsa pagulu, pa mayeso sudzalakwitsanso. Kagoneni, mawa sukulu.

A Phiri Dalaivala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwerera ku nkhani ya dzulo. Lero m'mawa popita ku Lilongwe ndinamuuza kondakitala wanga kuti ndikangotuluka kupitirira lole ayambe kuwerenga mokweza mpaka nditabwerera kumanzere. Tinaipeza ya feteleza titadutsa Madisi, malo owongoka, kutsogolo kuli mbee. Anawerenga mpaka 13.

Aphunzitsi a Mwale: Munayambira pa liwiro la lole?

A Phiri Dalaivala: Eya, ndinali nditaitsatira kaye, ndipo tinali odzaza. Tadala mwanawe, tandiwerengera: masekondi 13, pa mamita 50 aja pa sekondi.

Tadala: Mamita 650, ankolo. Mwina kucheperako pang'ono poti poyamba munali musanafike pa 80.

A Phiri Dalaivala: Mabwalo a mpira asanu ndi limodzi ndi theka. Yachiwiri tinaipeza chakufupi ndi Lumbadzi, kutsogolo kuli kachitunda, kuseri sikuoneka. Ndinakhala kumbuyo kwake. Bambo wina kumbuyo anayamba kukalipa kuti akuchedwa ku ntchito, kondakitala anamuuza kuti awerenge nawo. Aphunzitsi, masamu a dzulo aja mungandilembere pa pepala limodzi m'Chichewa, manambala akuluakulu? Ndikufuna ndikawaonetse anzanga pa siteji Loweruka.

Aphunzitsi a Mwale: Ndilemba madzulo ano ndikaweruka. Tadala ndi Kondwani ajambule chithunzi cha lole, minibasi ndi galimoto yakutsogolo, aike mivi ndi mamita ake. A Phiri, mudzadutse pa depoti Lachisanu cha m'ma 4 koloko, Lonjezo akubweretserani.

Lonjezo wa Kabaza: Mupange awiri, lina likhale la ife a njinga.